Kukonza kapena kugula ina: mbiri ya galimoto yakale ndi umakaniko m'Malawi

Magalimoto ambiri amene amayenda m'misewu ya Malawi anafika m'dziko muno atatumikira kale anthu ena kunja, ndipo akafika amagwiranso ntchito zaka zina zambiri. Dzikoli lilibe fakitale yopanga magalimoto, lilibenso doko la panyanja yamchere, choncho galimoto iliyonse imagulidwa ndi ndalama zakunja ndipo imayenda ulendo wautali wapamtunda isanafike kwa mwini wake. Chimene sichinasowepo ndi amisiri, ndipo ntchito ya manja awo ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi chitsulo chimene amagwira. Kudula kwa chitsulo ndi kutchipa kwa manja ndizo zakhala zikugamula nkhani imene mwini galimoto yokalamba aliyense amakumana nayo: kuikonzetsanso, kapena kuisiya n'kusaka ina. Chigamulocho chasintha kangapo m'zaka zana zapitazi, ndipo chikasintha, ntchito ya umakaniko nayo imasintha.

Galimoto isanafale, katundu wa Nyasaland ankayenda pamitu ya anthu. Amtengatenga ankasenza mitolo kuchokera kumadoko a mtsinje wa Shire kukwera nayo ku Blantyre ndi ku Zomba, azungu akunyamulidwa m'machila. Ngolo za ng'ombe zinkalephera m'madera ambiri chifukwa cha kashembe. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, koma inali ya kum'mwera kokha, moti pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse boma la atsamunda linadalirabe amtengatenga pafupifupi 200,000 kuti zakudya ndi zida zifike kwa asilikali. Magalimoto ndi njinga zamoto zinalipo kale, koma zinali zowerengeka, za boma, za amishoni ndi za eni minda ikuluikulu.

Lole inayamba kulanda ntchito ya mtengatenga m'zaka za m'ma 1920, ulimi wa fodya utakula m'chigawo chapakati. Fodya wa ku Lilongwe ndi ku Dowa ankayenera kukafika ku Limbe, mtunda wa makilomita oposa 300, pamisewu yafumbi imene nthawi ya dzinja inkasanduka matope, ndipo njanji sinafike ku Salima mpaka 1935. Pamsewu wotere lole ikafa panalibe galaja yoikokerako. Dalaivala ndi mnyamata wake ankagona pomwepo mpaka ataidzutsa, ndipo chipangizo chothyokacho chikakhala choitanitsa ku Britain, chinkabwera pa sitima yapamadzi kudzera ku Beira patapita miyezi. Motero kuyambira pachiyambi kuyendetsa galimoto ndi kuikonza zinali ntchito za munthu mmodzi. Amalawi oyamba kudziwa injini anazolowera makina m'malo okonzera sitima zapamtunda ku Limbe ndi pa sitima za panyanja, ndipo ena anali osula zitsulo ophunzitsidwa ndi amishoni, monga ku Overtoun Institution ku Livingstonia, sukulu imene inatsegulidwa mu 1894.

Nkhondo yachiwiri inachulukitsa anthu otere. Ena mwa asilikali a King's African Rifles anabwerako ataphunzira kuyendetsa ndi kukonza malole ankhondo, ndipo ena amene anakagwira ntchito ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Johannesburg anabwera ndi luso lomweli. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kunayamba kampani ya mabasi ya Nyasaland Transport Company, imene inadzatchedwa United Transport Malawi kapena UTM, ndipo magalaja ake anasula amakaniko ambiri a injini za dizilo. M'zaka zomwezi Amalawi ochepa ochita malonda anayamba kukhala ndi malole awoawo, ambiri akugula yakale imene mzungu wa kumunda, mmwenye wa sitolo kapena boma latopa nayo. Apa ndi pamene panakhazikika mchitidwe umene ulipobe. Galimoto imalowa m'manja mwa Mmalawi wamba pamene mwini wake woyamba waona kuti kuikonza sikukumupindulira, ndipo wogulayo amaitenga podziwa kuti kwa iye zitheka, popeza nthawi yake ndi ya makaniko wake sizidula ngati za mwini woyambayo.

Dziko litalandira ufulu mu 1964 misewu yatala inayamba kutalika, makamaka likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma mwayi wogula galimoto yatsopano sunakule mofanana. Ogulitsa magalimoto atsopano anali ochepa, ambiri ali ku Blantyre ndi ku Limbe, monga Mandala, Stansfield Motors ndi Mobile Motors imene inkagulitsa Toyota. M'misewu munali Land Rover, Peugeot 404 ndi 504, Ford Cortina, Volkswagen, Datsun, malole a Bedford ndi mabasi a Leyland. Mwini magalimoto wamkulu anali boma. Nthambi yake ya PVHO inkasamala magalimoto ndi makina a boma, ndipo amene atha ntchito ankagulitsidwa pa okushoni, kumene amalonda ang'onoang'ono ambiri anapezera lole kapena Land Rover yawo yoyamba. Kuitanitsa galimoto kunja sikunali kwa aliyense, chifukwa pankafunika chilolezo ndipo ndalama zakunja sizinkagulidwa mwachisawawa. Mphunzitsi wamkulu, kalaliki kapena mlimi wa fodya amene wakwanitsa kugula galimoto ankadziwa kuti mwina ndi yokhayo imene adzakhale nayo moyo wake wonse, ndipo ankaisamala motero.

Magalimoto a nthawi imeneyo analinso omangidwa kuti azimasulidwa. Petulo ankasakanizidwa ndi mpweya m'kabuleta, moto unkagawidwa ndi disitibyuta ya mapointi, magiya ankasinthidwa ndi dzanja, ndipo makaniko wokhala ndi masipanala ndi khutu lakuthwa ankatha kulozera vuto pongomvetsera kulira kwa injini. Injini ikayamba kufuka utsi wabuluu ndi kumwa oyilo, inkagwetsedwa n'kuchitidwa ovaholo. Buloko inkapita kwa amisiri a makina kukabowedwa kuti mulowe mapisitoni okulirapo pang'ono, kilankishafuti inkapalidwa kuti igwirizane ndi mabelingi atsopano, mavavu ankanoledwa pamanja mpaka atakhala bwino pamipando yake, ndipo hedi yopindika ndi kutentha inkapalidwa kuti isalalenso. Opanga magalimoto ankagulitsa mapisitoni ndi mabelingi a misinkhu ingapo ndi cholinga chomwechi, choncho injini imodzi inkatha kubwezeretsedwa kawiri kapena katatu buloko isanatheretu. Peugeot 404 inakhalitsa m'misewu pa zifukwa ngati zimenezi: inali yolimba pamsewu wafumbi, yosavuta kumasula, ndipo ngakhale ku France anasiya kuipanga, ku Kenya inapitiriza kulumikizidwa mpaka 1991.

Zaka za m'ma 1980 zinafinya zinthu koposa. Mitengo ya mafuta inali itakwera padziko lonse mu 1973 ndi mu 1979, ndipo mu 1982 ku Dwangwa kunayamba kupangidwa ethanol wosakaniza ndi petulo pofuna kuchepetsa mafuta oitanitsa kunja. Kenako nkhondo ya ku Mozambique inadula njanji za ku Beira ndi ku Nacala, moti pofika pakati pa zaka zimenezo katundu wa Malawi ankazungulira ku Durban, kudutsa ku Tete moperekezedwa ndi asilikali, kapena kutsika kuchokera ku Dar es Salaam. Chilichonse cholemera chinakwera mtengo, ndipo masipeya ankatha miyezi osaoneka m'sitolo. Galimoto yoikidwa pamiyala, matayala atachotsedwa, inazolowereka kuseri kwa nyumba zambiri za m'tauni. Eni ake sankavomera kuti yafa. Ankati ikudikira sipeya, ndipo ina inkadikira zaka.

Kusowa kumeneku kunakulitsa umisiri wa kunja kwa magalaja akuluakulu. Ku Ndirande ku Blantyre, ndiponso ku Biwi, ku Kawale ndi ku Mchesi ku Lilongwe, kunachuluka amisiri amene aliyense anagwira kachigawo kake ka galimoto. Wina ankangokulunga mawaya a sitata ndi alitaneta, wina ankamata maradiyeta odontha, wina ankawotcherera maekizozi, wina ankasema mabushi kuchokera ku matayala a lole, wina ankawongola bodi ndi nyundo n'kupopera penti. Magalimoto awiri akufa ankaphwasulidwa kuti pakhale imodzi yoyenda, ndipo injini ya mtundu wina inkakakamizidwa kulowa m'bodi ya mtundu wina, zogwirira zake zitawotchereredwa pomwepo. Makaniko wa pansi pa mtengo, wopanda denga ngakhale dzenje loyang'anira kunsi kwa galimoto, ndiye ankakonza magalimoto ambiri a anthu wamba. Luso limeneli limatamandidwa kawirikawiri, ndipo liyeneradi, koma linali ndi mbali yake yoopsa imene otamandawo amaiiwala. Gasiketi yodula pa katoni ikalephera galimoto imangoima, koma chitsulo cha chiwongolero chowotcherera kapena paipi ya mabuleki yomanga ndi mphira ikalephera pamtsetse wa Chiweta kapena wotsikira ku Chikwawa, pamakhala maliro.

Njira zophunzirira ntchitoyi zinali ziwiri, ndipo zonse zilipo mpaka lero. Ina ndi ya sukulu za ntchito zamanja, monga za ku Lilongwe, Nasawa, Salima ndi Mzuzu, kumene wophunzira amagawa nthawi yake pakati pa kalasi ndi galaja ya kampani, n'kumalemba mayeso a ntchito. Kuyambira 1999 maphunzirowa amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA. Inayo ndi ya usipanaboyi. Mnyamata amaperekedwa kwa makaniko, kawirikawiri ndi malume ake kapena mnansi, n'kuyamba ndi kutsuka zitsulo m'petulo, kupatsira masipanala ndi kukwawira kunsi kwa galimoto. Malipiro ake ndi nsima yamasana ndi kangachepe ka sopo, ndipo amadziwika kuti wakhwima pamene makasitomala ayamba kufunsa za iye mwini abwana ake alipo.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1990. Malamulo oitanitsira katundu anali atayamba kufewa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique inatha mu 1992, ndipo mu February 1994, patatsala miyezi yochepa kuti chisankho cha zipani zambiri chichitike, boma linalola kuti mtengo wa kwacha uziikidwa ndi msika. Kwacha inagwa kwambiri chaka chimenecho, kuchoka pa makwacha osakwana 5 pa dola imodzi kufika pafupifupi 15, koma munthu wokhala ndi ndalama tsopano ankatha kupita ku Dubai kapena ku Durban n'kubwera ndi galimoto. Oyamba kupindula anali a maminibasi. Toyota Hiace ndi Nissan Caravan zinadzaza misewu imene kale inali ya mabasi akuluakulu, ndipo kampani ija ya UTM, imene inagulidwa ndi Stagecoach mu 1989 n'kudzakhala Shire Bus Lines pambuyo pake, inafooka mpaka inatsekedwa m'zaka za m'ma 2000.

Gwero la magalimoto amenewa linali Japan, ngakhale aja odzera ku Dubai. Ku Japan galimoto yatsopano imayesedwa ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, pa dongosolo lotchedwa shaken. Kuyesako, pamodzi ndi misonkho, inshulansi ndi malipiro a makaniko, kumadula moti mwini galimoto amaona kuti n'kwabwino kugula ina kusiyana ndi kusunga yakale, ngakhale ikuyenda bwinobwino. Funso la kukonza kapena kusiya ku Japan limayankhidwa mosemphana ndi ku Malawi chifukwa kumeneko manja ndiwo odula. Magalimoto osiyidwawo amagulitsidwa pa okushoni, ndipo oposa 1 miliyoni amatumizidwa kunja chaka chilichonse. Ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu monga ku Malawi, choncho chiwongolero chimakhala kale mbali yoyenera. Malondawa amafanana ndi a kaunjika, pamene chovala chimene mwini wake wachisiya chikadali cholimba chimapeza msika kwa munthu amene sangafike pa chatsopano.

Intaneti itafala, makampani a ku Japan monga Be Forward ndi SBT anayamba kugulitsa mwachindunji kwa munthu aliyense. Munthu ali ku Mzuzu kapena ku Zomba ankasankha galimoto pafoni, kutumiza madola kudzera kubanki, n'kudikira milungu ingapo kuti sitima ifike ku Dar es Salaam. Kuchokera kumeneko madalaivala amaiyendetsa makilomita oposa 900 kufika pachipata cha Songwe itamatidwa nambala ya IT yosonyeza kuti ikungodutsa, ndipo imaomboledwa mwini wake akalipira msonkho ku bungwe lotolera misonkho la MRA. Magalimoto ena amatsikira ku Durban n'kudzera ku Zimbabwe ndi ku Tete, kulowera pa Mwanza kapena pa Dedza. Kukula kwa malondawa kunaonekera ngakhale pabwalo la mpira, pamene timu ya Wanderers ya ku Blantyre inatchedwa Be Forward Wanderers kwa zaka zingapo n'kutenga ligi ya 2017 ndi dzina limenelo. Corolla, Vitz, Passo, Probox, Sienta, Honda Fit, Freed, Nissan Note ndi Daihatsu Mira zinafika pakhomo pa aphunzitsi, anamwino ndi ogulitsa m'misika. Imeneyi inali nthawi yoyamba imene munthu wa malipiro apakatikati ankatha kuyang'ana galimoto yake yotopa n'kunena kuti saikonzetsanso, aitanitsa ina.

Umakaniko sunafe, koma unasintha. Pambuyo pa magalimoto panabwera makontena a masipeya akale ochokera ku Japan ndi ku Dubai, odzaza ndi mainjini athunthu, magiyabokosi, mashoko, zitseko, magetsi, ngakhale hafukati, kutanthauza kutsogolo kwa galimoto kodulidwa n'kutumizidwa ndi injini ndi mawaya ake onse. Ku Biwi, ku Ndirande ndi ku Limbe kunachuluka mashopu a katundu wotere. Injini ikanoka, mwini galimoto tsopano ankayerekeza mtengo wa ovaholo ndi wa injini ina yakale, ndipo kawirikawiri injini inayo inkapambana. Kuiika ndi ntchito ya tsiku limodzi kapena awiri, pamene ovaholo imatenga milungu ndipo kulimba kwake kumadalira mapisitoni ndi malingi amene wogula sangadziwe ngati ndi enieni kapena achinyengo. Pakati pa kukonza ndi kugula ina panabadwa njira yachitatu, yosintha galimoto chigawochigawo, mwini wake akusungabe bodi ndi bulubuku yomweyo. Vuto lake n'lakuti injini ya pashopu ilibe mbiri. Wogulitsa amailiza pansi kwa mphindi zochepa kuti wogula amve kuti ndi yamoyo, ndipo chitsimikizo chimene amapereka sichikhala chachitali.

Magalimoto enieniwo anasinthanso. Kabuleta inalowedwa m'malo ndi mainjekita oyendetsedwa ndi kompyuta bokosi, giya yamanja inasiyira malo otomatiki ndi CVT, ndipo posachedwapa kwachuluka magalimoto oyendera petulo ndi magetsi pamodzi, monga Toyota Aqua ndi Prius, okhala ndi batire yaikulu yodula. Khutu silikwaniranso. Pamafunika makina olumikiza ku galimoto kuti awerenge vuto, ndipo makaniko amene alibe makinawo amangosintha masensa limodzilimodzi ndi ndalama za kasitomala mpaka atalasa. Zambiri mwa zipangizozi sizimasulidwa, zikafa zimangotayidwa. Magalimotowa anapangidwiranso misewu yosalala. Ndi ofupika, ndipo maenje ndi mabampu zimadya mashoko, mabushi ndi mabolojointi msanga, pamene oyilo wolakwika wothiridwa m'giyabokosi ya CVT amatha kuiwononga yonse. Kuchuluka kwa mitundu kunabweretsa vuto lina. Galimoto yotchipa pa intaneti koma yosafala m'dziko imatha kukhala pamiyala miyezi chifukwa cha kachipangizo kamodzi, ndipo n'chifukwa chake Toyota, imene masipeya ake amapezeka ngakhale pa boma laling'ono, imagwira mtengo ikamagulitsidwanso.

Boma nalo lili ndi gawo lake. Mayiko ena anaika malire okhwima. South Africa salola kuti magalimoto akale ochokera kunja azigulitsidwa mwachisawawa m'dzikomo, pofuna kuteteza mafakitale ake, Kenya salandira galimoto yopyola zaka 8, ndipo Zimbabwe mu 2021 analetsa yopyola zaka 10. Malawi anasankha kugwiritsa ntchito msonkho, umene umakwera malinga ndi zaka za galimoto ndi kukula kwa injini yake. Msonkhowo ukaphatikizidwa ndi mtengo wa sitima, wa padoko ndi wa ulendo wapamtunda, ndalama zonse zimatha kupyola kawiri mtengo umene unaoneka pafoni. Lamulo la zapamsewu la 1997 limafuna kuti galimoto ikhale ndi inshulansi ndi chiphaso cha COF chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda. Chiphasochi ndicho chinayenera kumachotsa magalimoto otheratu pamsewu, koma matayala obwereka tsiku loyesa ndi ntchito ya madobadoba zachititsa kuti ambiri apitirize kuyenda, ndipo galimoto m'Malawi imachoka pamsewu chifukwa cha kulephera kwa thumba la mwini wake kuposa chifukwa cha lamulo.

Nyengo ya galimoto yotchipa inkadalira mphamvu ya kwacha, ndipo mphamvuyo sinakhalitse. Pambuyo pa kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kwa 2011, mu May 2012 dola inachoka pa K168 kufika pa K250. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700. Galimoto imene mtengo wake wa madola sunasinthe inadula kakhumi m'makwacha pakati pa kumayambiriro kwa 2012 ndi kumapeto kwa 2023, ndipo amene sanapeze madola kubanki ankawagula modula koposa pamsika wamseri. Eni magalimoto ambiri anabwerera kwa makaniko. Koma kubwererako sikufanana ndi kwa zaka za m'ma 1980, chifukwa masipeya akale a m'makontena nawonso amagulidwa ndi madola, ndipo magalimoto amene akukalamba tsopano si aja okonzeka ndi nyundo ndi sipanala. Ovaholo yayambanso kufunidwa pamene injini ya pashopu yadula, ndipo amisiri achinyamata aphunzira kutsegula kompyuta bokosi ndi kusintha timabatire tating'ono ta m'batire yaikulu m'malo mogula yonse. Kugwa kwa kwacha kunachititsanso chinthu chachilendo, chakuti galimoto yakale imatha kugulitsidwa makwacha ochuluka kuposa amene inagulidwira zaka zisanu m'mbuyomo, ngakhale kuti ndalamazo sizikwana kugulira ina yofanana nayo.

Kawerengedwe ka mwini galimoto wamba n'kosiyana ndi ka makampani a inshulansi. Iwo amayerekeza mtengo wokonzera ndi mtengo wa galimotoyo pamsika, ndipo ziwirizi zikayandikana amaiona ngati yotheratu, n'kugulitsa chiphaphacho kwa amene angachidzutse. Munthu wamba amayerekeza mtengo wokonzera ndi ndalama zimene ali nazo m'manja. Kukonza kumalipidwa pang'onopang'ono, mashoko mwezi uno, matayala awiri mwezi wamawa, makaniko akulandira theka n'kudikira lina pakutha kwa mwezi. Kugula ina kumafuna ndalama zonse nthawi imodzi, ndipo ngongole ya kubanki, imene chiwongoladzanja chake chakhala chikupyola 20 peresenti m'zaka zambiri, imapezeka kwa olembedwa ntchito ochepa okha. Choncho munthu amatha kulipira m'zaka ziwiri ndalama zokonzera zoposa mtengo wa galimoto yake, osati chifukwa sadziwa masamu, koma chifukwa ndalamazo sizinakhalepo pamodzi tsiku limodzi. Palinso mfundo yakuti matenda a galimoto yake amawadziwa, pamene a yogula kwa wina amadzaoneka atalipira kale.

Pali zinthu zingapo zimene zimathetsa kuleza mtima kumeneku. Injini ndi giyabokosi zimasinthika, koma tchesisi yopindika pangozi kapena bodi yodyeka ndi dzimbiri sizibwerera mwakale. Vuto la magetsi limene amisiri angapo alephera kulipeza limatopetsa mwini galimoto kuposa vuto lalikulu lodziwika mtengo wake. Giyabokosi ya CVT kapena batire yaikulu ikafa pa galimoto yaing'ono, mtengo wake umayandikira wa galimoto yonse. Kwa wa takisi kapena minibasi, tsiku lililonse limene galimoto ili kugalaja ndi ndalama yotayika, choncho iye amagulitsa msanga kuposa munthu amene amangopitira kuntchito ndi kutchalitchi. Kumwa mafuta nakonso kwakhala chifukwa chachikulu pamene mtengo wa petulo wakwera ndipo mizere ya pamalo omwetsera mafuta yabwereranso, moti ena asiya magalimoto a injini zazikulu amene analibe vuto lina lililonse.

Kugulitsa sikutanthauza kuti galimotoyo yatha. Imatsika kuchoka kwa mwini wa m'tauni kupita kwa wa takisi, kuchoka m'tauni kupita ku boma, kuchoka pa tala kupita kumsewu wafumbi, kumene pikiapu kapena Sienta yotopa imanyamula matola, matumba a chimanga ndi odwala opita kuchipatala. Pa sitepe iliyonse mtengo umatsika ndipo mwini watsopano amalekerera zimene wakale sakanalekerera, monga chitseko chotsegulira kunja kapena injini yolira poikankha. Ikafika polephereratu imaphwasulidwa. Injini, magetsi, zitseko ndi mipando zimagulitsidwa kwa eni magalimoto a mtundu womwewo. Ekiselo ndi matayala ake zimakhala za ngolo ya ng'ombe, makamaka m'chigawo chapakati, masipuling'i amasulidwa kukhala nkhwangwa ndi zikwanje, malimu amasanduka mbaula, matayala amadulidwa kukhala nsapato ndi zingwe zomangira katundu panjinga, ndipo batire imayatsa wailesi ndi kutchaja mafoni kumudzi. Chiphapha chotsala chimadulidwa n'kugulitsidwa pa kilogalamu kwa ogula zitsulo zakale, amene amazitumiza kokasungunula.